Tepi ya Verlene

Dzina langa ndine Lucius Gaither, ndimakhala ku Philadelphia. Mkazi wanga Verlene anamwalira mu Febuluwale 1994. Awa ndi makalata omwe ndinalemberana chaka chimenecho ndi mkulu wake, a Ozella, omwe anatsala kwawo ku Kingstree, ku South Carolina. Anga anandibwezera okha. Sindinasinthemo kanthu.

*

Philadelphia, 6 Juni 1994

Alamu anga a Ozella,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kuvuta. Kuno ndilipo. Ndimadzuka, ndimateleka khofi, ndimatsuka kapu imodzi.

Ndikudziwa kuti pa maliro sitinasiyane bwino. Sindikulemba kuti tiyambirenso zimenezo. Ndili ndi pempho limodzi. Mu 1978 Verlene anatumizira Amayi anu bokosi laphanthiphanthi, muli tepi yokulungidwa pa gudumu. Kodi likadalipo?

Inu mumamukumbukira ngati mwana amene anathawa kwaya. Kuno anakhala zaka khumi m'masitudiyo, akuimbira kumbuyo kwa anthu ena. Nyimbo ija ya “Basi ya ku Camden,” imene anthu anaivina mpaka nsapato kung'ambika mu 1977, mawu onse atatu ndi ake. Atsikana atatu omwe ali pa chikuto cha lekodiyo ankangotsegula pakamwa pa wailesi yakanema. Dzina lake silinalembedwe paliponse. Chaka chotsatira kampani inamulola kujambula nyimbo zakezake zisanu. Zisanatuluke, anthu anatopa nayo disko, kampani inatsekedwa, matepi anatayidwa pamodzi ndi mipando. Verlene anakalowa ntchito yoyankha mafoni pa ofesi ya inshulansi, ndipo sanadandaulepo pamaso panga. Tepi ya Amayiyo ndi yokhayo yomwe yatsala.

Mukudziwa kuti zaka zitatu zomaliza, atamuchita opareshoni ya pakhosi, ankangolemba m'kabuku. Malekodi ndili nawo, koma mawu ake anakwiriridwa ndi ng'oma ndi malipenga, ndipo sinditha kuwasiyanitsa. Zaka makumi atatu za kumenya zitsulo ku fakitale ya mabogi a sitima zinanditengera khutu lamanzere. Lamanja dokotala akuti mwina chaka, mwina ziwiri. Pa foni ndimangomva ngati njuchi m'botolo, n'chifukwa chake ndalemba.

Ndikufuna ndimumve kamodzi khutuli lisanatseke.

Mlamu wanu,
Lucius

*

Kingstree, 19 Juni 1994

A Lucius,

Moni m'dzina la Ambuye. Bondo likadali langa ndipo likadapweteka. Mvula yatikwana, chipinda cha Amayi chikudonthanso pangodya paja.

Bokosi lilipo. Lakhala pamwamba pa wadirobu ya Amayi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ababa anati nyimbo za m'mabala sizidzalira m'nyumba mwawo, ndipo ngakhale akanalola, makina ake tinalibe. Amayi ankangolipukuta fumbi Loweruka lililonse mpaka tsiku lomwe anagona osadzukanso. Ndalitsitsa. Kumbuyo kwake kuli maina asanu a nyimbo m'zolemba za Verlene. Anayiwo sindiwatchula, ndine mzimayi wa mpingo. Lachisanu analemba kuti “Ya Amayi.”

Tsono ndikufunseni, ndipo mundiyankhe ngati munthu wamkulu. Msuweni wathu wa ku Camden akuti kukubwera anyamata achizungu ochokera ku Mangalande, akugogoda m'makomo kufuna nyimbo zakale za anthu athu. Akuti wina anaoneka pakhomo panu mwezi watha. Kodi ndi khutu lanu lomwe likufuna tepiyi, kapena ndi la mzunguyo?

Ndilankhula zomwe sindinamalize pa maliro. Ndinakwera basi usana ndi usiku, diresi loyera la mng'ono wanga lili pamiyendo, kuti ndidzamuveke ndekha. Ndinapeza mtsuko wa phulusa pa tebulo. Kwathu sititentha anthu, a Lucius. Timawasambitsa, timawapesa, mpingo wonse umadutsa n'kuwaona nkhope, kenako timawagoneka pafupi ndi amayi awo. Malo ake alipo mpaka lero, pamera udzu.

Mukudziwa kuti Lamulungu lachiwiri la Ogasiti ndi tsiku lomwe onse omwe anasamukira kumpoto amabwera kumudzi. Loweruka lake banja lililonse limalambula manda a anthu ake. Ine ndikalambula chiyani? Ndiye ndaganiza chonchi. Adikoni Sills ali ndi makina a magudumu omwe ankajambulira maulaliki. Pa 14, dzina la Verlene likawerengedwa pamodzi ndi ena omwe atisiya chaka chino, tidzaliza “Ya Amayi.” Manda alibe, koma mpingo umumve.

Zikatha izo tidzaona za pempho lanu.

Ozella Crews

*

Philadelphia, 28 Juni 1994

Alamu,

Zikomo poyankha. Nditawerenga kuti bokosi lilipo ndinakhala pansi nthawi yaitali ndithu.

Za mzungu ndi zoona. Anabwera, mnyamata waulemu, tsitsi ngati la chimanga. Ankadziwa tsiku lomwe “Basi ya ku Camden” inajambulidwa, koma sankadziwa kuti Verlene anamwalira. Ndinamupatsa khofi, anamwa, anapita. Za tepi sindinamuuze.

Tsono werengani bwino apa, chonde. Dzulo ndinakaona a Boykin, omwe anajambula tepiyo. Akalamba, koma akadali ndi makina awo m'chipinda cha pansi pa nyumba. Nditawauza kuti yakhala m'chipinda chodontha ku South Carolina, anavula magalasi n'kundifunsa kawiri ngati munthu wina wailizapo. Akuti matepi a zaka zimenezo anapangidwa ndi guluu woipa amene amamwa chinyezi. Poyang'ana imaoneka yabwinobwino. Koma ikangoyenda pa makina, khungu lomwe lasunga mawu limamatirira ku zitsulo n'kusupuka. Chomwe chasupuka sichibwerera.

Mankhwala ake alipo. Akuti tepi yotere amayamba aiika mu uvuni, pa moto wochepa, tsiku lathunthu, kuti iume. Ikazizira amailiza kamodzi n'kukopera mawuwo pa ina. A Boykin achitapo zimenezi kambiri.

Musailize, alamu, ngakhale kungoyesa. Itumizeni kuno, kapena ndibwere ndidzaitenge. Pofika pa 14 mudzakhala ndi kaseti yabwino yoti mpingo umve.

Lucius

*

Kingstree, 9 Julayi 1994

A Lucius,

Ndawerenga mpaka pa mawu oti uvuni.

Munatentha thupi lake osandifunsa. Tsopano mukufuna ndikupatseni mawu ake kuti nawonso muwaike pamoto. Kaya ndi chisoni chakusokonezani mutu, kaya ndi nzeru yoti bokosi lichoke m'manja mwanga likafike kwa mnzanu wa tsitsi la chimanga, Mulungu ndiye akudziwa. Ine ndaphika makeke a maukwati ndi a maliro zaka makumi anayi. Ndikudziwa chomwe uvuni umachita ndi pulasitiki.

Ndinawaonetsa Adikoni Sills kalata yanu. Anaseka mpaka kutsokomola. Anatulutsa tepi ya ulaliki wa 1962, yakale kuposa yanuyo, yomwe yakhala m'chinyezi chomwechi. Inalira bwinobwino, ngati malemu abusa aimirira pomwepo. Akuti anthu a m'tauni amakonda kuopseza a kumudzi.

Tepi ikhala kuno. Musavutike n'kulembanso, sinditsegula.

Ozella Crews

*

Philadelphia, 15 Julayi 1994

Alamu,

Mwati simutsegula, komabe ndilemba.

Adikoni sananame. Ndabwereranso kwa a Boykin, ndipo akuti matepi a 1962 anali a guluu wina, savuta. Ovuta ndi a m'zaka za Verlene. Motonso si wa keke. Ndi madigiri 130 okha a Fahrenheit, kutentha kwa m'galimoto yomwe yakhala padzuwa mu Julayi. Inu keke mumaphika pa 325. Ndikanayenera kulemba zimenezi poyamba. Sindinaganize kuti mawu oti uvuni adzamveka bwanji kwa inu, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga.

Za thupi ndinakhala chete pa maliro chifukwa iye anandipempha kuti ndisanene. Lero ndikuphwanya lonjezo. Ndaikamo tsamba la m'kabuku kake, zolemba zake mukuzidziwa. Analemba mu Disembala, titachokera kuchipatala:

“Anandidula mu mpingo mu 1969 ndili ndi mawu anga onse. Asadzandione ndili ndi bowo pakhosi, n'kumanong'onezana kuti Mulungu anamulanda chomwe anachimwira nacho. Unditenthe. Ozella adzakwiya. Umulole akwiyire iwe, ine sindingathe kupirira.”

Ndinalola, alamu, ndipo ndikanapitiriza kulola. Koma mkwiyo womwewo ukufuna kudya chinthu chokhacho chomwe chatsala.

Mtsuko uli pa shelefu, pafupi ndi wailesi. Sindinadziwe kokauika.

Lucius

*

Philadelphia, 1 Ogasiti 1994

Alamu,

Masabata awiri apita, palibe yankho. Tsiku lililonse ndimatsika masitepe wa positi asanafike.

Lachinayi ndinapempha mayi wa khomo loyandikana nane kuti akuimbireni foni, ine nditaima pambali. Akuti mutangomva dzina langa munanena kuti muli ndi mpunga pamoto, n'kudula.

Ndagula tikiti ya basi. Ndifika ku Kingstree Lachisanu pa 12, cha m'ma 3 koloko masana. Sindikubwera kudzalanda kanthu. Mukafuna sindilowa n'komwe m'nyumba, ndidzaima pa geti. Mukadzandimva n'kukanabe, tepi ndi yanu, ndidzakhala kumbuyo m'tchalitchi n'kumva zomwe zidzamveke. Chomwe ndikupempha n'chakuti isakhudze makina ndisanafike. Adikoni ndi munthu wosamala, ndikudziwa adzafuna kuyesa tsikulo lisanakwane. Ndi kuyesako komwe ndikuopa.

Dzulo ndinazindikira kuti belu la pakhomo sindikulimvanso.

Lucius

*

Kingstree, Lachitatu, 10 Ogasiti 1994

Alamu anga a Lucius,

Kalata ino sindiiponya ku positi. Ndidzakupatsani pamanja mukatsika basi, chifukwa makutu anu sangamve bwino, ndiponso pakamwa panga sipangathe. Muwerenge mutakhala pansi.

Tinailiza dzulo masana.

Makalata anu awiri anali pamwamba pa firiji, osatsegulidwa. Adikoni anabwera nditangomaliza kutsuka mbale, makina ali m'galimoto, akuti tiyese kuti Lamulungu tisadzachite manyazi. Tinawaika pa tebulo la m'khitchini. Ine ndinati tidumphe zinayizo, tipite kwa “Ya Amayi.” Iwo anati sadziwa pomwe ikuyambira, bola tiyambe pachiyambi, iwo atseka makutu pa zachikunjazo.

Poyamba panali phokoso la chipinda basi. Wina anakoka mpando. Kenako anaseka. Alamu, kuseka kwake kuja, kotulukira m'mphuno, komwe Ababa ankamumenyera pa tebulo. Ndinagwira m'mphepete mwa sinki.

Ndiye analankhula. Ndilemba ndendende monga ndinamvera, ndakhala ndikubwereza mumtima kuti ndisataye liwu ndi limodzi lomwe. Anati: “Lucius, wachigwira chikhoti changacho ngati chikufuna kuthawa. Khala pansi, bambo iwe, palibe komwe ndikupita. Yoyambayi ndi yako, ndiye usayang'ane pansi.” Mwamuna wina anaseka n'kuwerenga mpaka folo, ng'oma zinayamba.

Sindinadziwe kuti ankaimba choncho. Ine ndinkadziwa kamtsikana ka mu kwaya. Uyu anali mzimayi wathunthu, mawu odzaza khitchini yonse. Ndinaona phazi la Adikoni likugunda pansi, iwo osadziwa.

Sipanathe mphindi ziwiri. Mawu anayamba kulemera ngati munthu akuimba m'madzi, kenako makina analira ngati nkhumba ikuphedwa, magudumu n'kuima. Adikoni anati ndi fumbi chabe. Anapukuta ndi mpango, anabweza tepi pachiyambi, analizanso. Ine ndinawalola. Ndinkafuna kumvanso kuseka kuja.

Kunalibe. Kunangomveka mphepo. Pa zitsulo za makina panali phala lakuda lomata, ndipo pa nsalu ya tebulo panagwa fumbi lofiirira ngati dzimbiri. Nditakweza tepi ku windo, kuwala kunkadutsa.

Adikoni anafuna kupitiriza kuti tione ngati kutsogolo kuli bwino. Ndinazula waya kukhoma. Sindinakuwepo pamaso pa mkulu wa mpingo chibadwire, koma dzulo ndinakuwa. Anapita osatsanzika, makina awo akadali pano.

Nditatsala ndekha ndinatsitsa makalata anu. Tsamba la Verlene ndaliwerenga kambirimbiri. Tsiku lomwe ankamudula mu mpingo ine ndinali pa benchi yachiwiri, ndipo pamene anafunsa ovomereza, ndinakweza dzanja. Ababa ankandiyang'ana. Iye anandiona.

Munapempha chinthu chimodzi, kuti mumumve. Mawu omwe analankhula kwa inu ndawamva ine, amene sanali anga, ndipo ndawapukuta. Fumbi lija ndalisesera mu envelopu, sindinathe kulitaya. Tepi yotsala ndaibwezera m'bokosi, ndaikulunga mu diresi loyera lija. Sindikudziwa ngati muli kanthu. Mupite nayo kwa a Boykin anuwo, akaiike mu uvuni.

Pa geti simuima. Chipinda chakutsogolo ndayala kale.

Ozella

*

Philadelphia, 6 Seputembala 1994

Alamu anga a Ozella,

Ndinafika bwino, bokosi lili pamiyendo njira yonse. Keke munandipatsa ija ndinagawana ndi a Boykin, ndipo akufunsa ngati muli pabanja. Ndawauza kuti ayambe alemba kalata, aone ngati itsegulidwe.

Pa depoti paja sindinanene zambiri, ndipo masiku atatu onse aja tinkangokamba za denga ndi za udzu wa kumanda. Ndinene pano. Tsiku la chikhotilo ndinali nditaliiwala. Nditawerenga kalata yanu linabwerera lonse. Kunali chisanu, chikhoticho chinali chobiriwira, ndipo ndinayang'anadi pansi nyimbo yonse. Mukanapanda kusunga mawu aja sindikanalipezanso. Kalatayo ili m'thumba la malaya, ndimayenda nayo.

Tepi ija a Boykin anaiika mu uvuni wawo sabata yatha Lachiwiri m'mawa, kabokosi kachitsulo kokhala ndi fani mkati. Anati tisayembekeze zambiri. Lachitatu inazizira tsiku lonse. Masiku awiriwo sindinadye bwino. Lachinayi anaiika pa makina, nandikhazika pa mpando, khutu lamanja litagunda sipika. Anati mwayi ndi umodzi, ndisatsokomole.

Nyimbo yoyamba theka lake linapita. Theka linalo lilipo, ndipo likundikwanira. Zitatu zotsatira zili zonse. Ndinamumva, alamu. Osati bwino ngati mmene munamumvera inu, mawu okwera amandithawa, koma ndi iyeyo, yekha, patsogolo, wopanda womuphimba. Pomwe amapuma mpweya pakumveka. A Boykin anatembenukira kukhoma, ine ndinayang'ananso pansi.

Tsono za “Ya Amayi.” Ilibe ng'oma, ilibe limba. Asanayambe akunena kuti, “Amayi, ndi ine. Muitane Ozella.” Kenako akuimba mzere umodzi wa nyimbo ya m'tchalitchi, pang'onopang'ono, n'kukhala chete. Akuimba wina, n'kukhalanso chete. Mpaka kumapeto ndi choncho.

Ndinayesa kuti pamenepo tepi inasupuka. A Boykin anaimitsa makina, anayang'ana, anati tepi ili bwinobwino. Ndiye anakumbukira. Akuti tsikulo, oimba ena atapita, Verlene anawapempha mphindi zisanu. Iwo ataona kuti akusiya mipata anafuna kuimitsa, koma iye anawakodola kuti ipitirire. Atamaliza anawauza kuti kwawo nyimbo imeneyi ankaimba awiri, wina kuyambitsa, wina kuyankha, ndipo mbali inayo ili ndi mwini wake.

Ndawerenga mipatayo, ilipo khumi ndi iwiri. Mukamvetsera bwino, mu mpata uliwonse akumveka akugunda chala pa chinthu, kusunga nthawi.

Kaseti ndaitumiza pamodzi ndi kalata ino. Imeneyi mutha kuiliza kangati konse, siisupuka. Mayi woyandikana nane wandithandiza kufunsa za mtsuko, akuti palibe choletsa kuukwirira m'manda. Ngati malo aja pafupi ndi Amayi akadalipo, ndibwera nawo mu Okutobala, kutentha kukachepa. Pa mwala tidzalembe dzina lake lonse, ndi mawu oti woimba.

Ine mawu a m'mipatamo sindiwadziwa. Sanandiimbirepo, ndipo a Boykin nawo sawadziwa. Ndikabwera mudzaime kumanja kwanga, pafupi ndithu, mudzaimbe mbali yanu, ndipo musadzachedwetse. Dokotala wandionanso khutuli Lachisanu.

Mlamu wanu,
Lucius